Ndani Alamulira Asilikali? Mlandu wa Truman ndi MacArthur

Ndapempha malo pang'ono m'magazini yathu ino kuti ndifotokoze nkhani imodzi ya m'mbiri ya dziko la America. Nkhaniyi ndi ya anthu awiri amene anakangana mu 1951, wina Pulezidenti, wina mkulu wa asilikali wotchuka koposa onse a m'dzikomo. Chimene anakanganira ndi funso limene boma lililonse lokhala ndi gulu la nkhondo liyenera kuliyankha: kodi nkhondo ikabuka, woyenera kunena polekezera ndani, wogwira mfuti kapena munthu amene anasankhidwa ndi anthu? Nanga wosankhidwayo amamuyang'anira ndani?

Tiyambe tawadziwa eni nkhani. Douglas MacArthur anabadwa mu 1880, ndipo bambo wake analinso mkulu wa asilikali. Anatsiriza maphunziro pa sukulu ya usilikali ya West Point mu 1903 ali woyamba m'kalasi mwake, namenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse ku France, ndipo pa nkhondo yachiwiri ndiye anatsogolera asilikali amene analanditsa zilumba za Philippines m'manja mwa Japan. Pa 2 September 1945, pamene akuluakulu a Japan anabwera kudzasaina kuti agonja m'sitima yankhondo yotchedwa Missouri, woyendetsa mwambowo anali iyeyo. Kuchokera pamenepo anakhala ku Tokyo akulamulira dziko la Japan, anthu akumuopa ngati mfumu. Kwao ku America anali asanapondeko phazi chiyambire 1937.

Harry Truman sanali wotero ai. Anakulira ku Missouri, nalima munda wa makolo ake zaka zambiri, ndipo digiri analibe. Pa nkhondo yoyamba anali kaputeni wa kagulu ka mizinga. Atabwerako anatsegula sitolo ya zovala za amuna ku Kansas City, koma sitoloyo inagwa. Analowa ndale, nakhala phungu, kenaka wachiwiri kwa Pulezidenti, ndipo Franklin Roosevelt atamwalira mu April 1945 mpando unagwera iye. Mu 1948 anthu anamusankha payekha. Ambiri akawaika awiriwa pa sikelo ankaona ngati wolemera ndi MacArthur. Koma malamulo sanatero.

Malamulo aakulu a dziko la America analembedwa ku Philadelphia mu 1787, ndipo olembawo ankaopa anthu a mitundu iwiri: mkulu wa asilikali wodzikuza, ndi mtsogoleri wa dziko wokonda nkhondo. Chifukwa chake mphamvu za nkhondo sanaziike m'dzanja limodzi. Pulezidenti, amene ali munthu wamba wosavala yunifomu, anamuika kukhala wolamulira wamkulu wa asilikali onse a pamtunda ndi a panyanja. Koma mphamvu yolengeza nkhondo anaipereka ku Nyumba ya Malamulo yotchedwa Congress, imene ili ndi zipinda ziwiri, Senate ndi House of Representatives. Thumba la ndalama analisiyanso komweko, nalemba kuti ndalama za asilikali a pamtunda zisavomerezedwe za nthawi yopitirira zaka ziwiri, kuti boma lizibwera kawirikawiri kudzapempha ndi kudzalongosola. Pa nkhani za maiko akunja anachita chimodzimodzi. Pulezidenti ndiye amapangana ndi maiko ena, koma panganolo siligwira ntchito kufikira magawo awiri mwa atatu a Senate atalivomera, ndipo akazembe otumizidwa kunja ayeneranso kuvomerezedwa ndi Senate yomweyo. Mu 1947 anaonjezapo lamulo lakuti nduna yoona za chitetezo ikhale munthu wamba, ndipo ngati anali msilikali, papite zaka 10 chivulire yunifomu. Lamuloli linayesedwa msanga, pakuti mu September 1950 Truman anafuna General George Marshall pa undunawo, ndipo zinatengera Congress kupanga lamulo lapadera kuti amulole.

Tsono tiyeni ku Korea. Mukatsegula mapu mudzaona dziko lotulukira m'nyanja pakati pa China ndi Japan. Mu 1945 dzikoli linagawidwa pawiri motsata mzere wa 38 wa pa mapu: kumpoto kunadzakhala boma la chikomyunizimu lothandizidwa ndi Russia, kum'mwera boma lothandizidwa ndi America. Pa 25 June 1950 asilikali a kumpoto anaoloka mzerewo, ndipo m'masiku atatu anali atalanda mzinda wa Seoul. Bungwe la United Nations linapempha maiko kuti athandize Korea ya kum'mwera. Linakhoza kutero chifukwa nthumwi ya Russia inali itanyanyala misonkhano masiku amenewo, kotero panalibe woletsa. Maiko 16 anatumiza asilikali, ndipo mwa iwo munali awiri a kuno ku Africa, Ethiopia ndi South Africa. Mtsogoleri wa onsewo anali MacArthur.

Apa pali kanthu kamene tiyenera kukasunga m'mutu, pakuti tidzabwererako. Truman anatumiza asilikali ku Korea osapempha Congress kuti ilengeze nkhondo. Anaitana atsogoleri a Nyumbayo nawauza zimene anali ataganiza kale, ndipo ambiri anaomba m'manja. Mtolankhani wina atafunsa ngati nkhondoyo ingatchedwe ntchito ya upolisi ya United Nations, iye anavomera. Senator Robert Taft anadandaula kuti Pulezidenti walanda mphamvu ya Congress, koma ngakhale iyeyo anati akanafunsidwa akanavomera.

Miyezi yoyamba zinthu zinavuta kwambiri. Asilikali a United Nations anakankhidwa kufikira anapanikizidwa pa kangodya kozungulira doko la Pusan. Pamenepo MacArthur anaonetsa luso lake lenileni. Anaganiza zotsitsa asilikali kuchokera panyanja kumbuyo kwa adani, pa doko la Inchon, malo amene akuluakulu a zombo ankati ndi oipa chifukwa madzi ake amakwera ndi kutsika kwambiri, nasiya matope okhaokha. Anzake ambiri anakayika, iye anaumirira, ndipo pa 15 September 1950 zinatheka monga ananenera. Pasanathe masabata awiri mzinda wa Seoul unamasulidwa, gulu la kumpoto nilibalalika. Ine ndiganiza kuti kupambana kumeneku ndiko kunabala mavuto otsatira, pakuti kuyambira tsiku limenelo ku Washington kunasowa munthu wolimba mtima womuuza MacArthur kuti apa mwalakwa.

Koma tisamusenzetse zonse. Kuoloka mzere wa 38 kulowa kumpoto sikunali kuganiza kwa iye yekha. Boma la Truman linavomera, ndi United Nations yomwe pa 7 October. Cholinga chinasintha: poyamba kunali kupirikitsa adani, tsopano kunakhala kulumikiza Korea yonse. Tsono kumapeto a kumpoto kwa Korea kuli mtsinje wa Yalu, ndipo tsidya lake ndi China. Kumayambiriro kwa October nduna yaikulu ya China, Zhou Enlai, inaitana kazembe wa India, K. M. Panikkar, usiku, nimuuza kuti asilikali a America akaoloka mzerewo China idzalowa m'nkhondo. Uthengawo unafika ku Washington, koma unayesedwa kuopseza chabe. Pa 15 October Truman anauluka ulendo wautali kukakomana ndi MacArthur pa kachilumba ka Wake, pakati pa nyanja ya Pacific. Aka kanali koyamba kuti awiriwa akhale pansi pamodzi, ndipo kanalinso komaliza. Truman anafunsa za China, ndipo MacArthur anayankha kuti n'zokayikitsa kwambiri kuti angalowerere, ndipo akayesa adzaphedwa ochuluka. Sabata isanathe asilikali a China anali akuoloka Yalu usiku, masana akubisala m'mapiri.

Pa 24 November MacArthur anayamba kuukira kumene anakuyesa komaliza, ndipo mbiri inamveka yakuti anyamata akadyera Khirisimasi kwao. Mawa lake usiku asilikali a China anatuluka m'mapiri muja. Onse pamodzi analipo pafupifupi 300,000. Gulu la United Nations linabwerera m'mbuyo m'chisanu choopsa, ndipo pa 4 January 1951 mzinda wa Seoul unalandidwa kachiwiri. Akulu akale anati safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli analidya onse, wa ku Tokyo ndi a ku Washington omwe.

Apa ndipo panapatukana njira. MacArthur anati popeza China yalowa, iyi ndi nkhondo yatsopano, ndipo iyenera kumenyedwa ndi mphamvu zonse. Kumapeto kwa December anapempha kuti zombo zitseke magombe a China, ndege ndi mizinga ya m'zombo ziphwanye mafakitale ake, ndiponso kuti asilikali a Chiang Kai-shek aloledwe kumenya nawo. Chiang ameneyu anali atagonja kwa achikomyunizimu mu 1949 nathawira pa chilumba cha Formosa, chimene lero tichitcha Taiwan. Chimene chinkamupweteka mtima MacArthur n'chakuti adani anali ndi pobisala tsidya la Yalu, pamene iye analetsedwa kuponyapo bomba. Ndipo kunena zoona, kwa munthu amene akuona anyamata ake akufa tsiku ndi tsiku, dandaulo lotere n'lomveka.

Truman ndi nduna zake ankaona zina. Russia inali itaphulitsa bomba lake loyamba la atomu mu August 1949, ndipo mu February 1950 inapangana ndi China pangano lothandizana pa nkhondo. Kumenya China kukanatha kuitana Russia, ndiye kuti nkhondo yachitatu ya dziko lonse, patangopita zaka zisanu chithere yachiwiri. Kunalinso Ulaya, kumene America inalonjeza mu 1949, m'pangano la NATO, kuteteza maiko amene mabala awo anali asanapole. Asilikali akathera ku China, Ulaya atsala ndi yani? Maiko abwenzi nawonso anali ndi mantha. Pa 30 November Truman atalankhula mosasamala kwa atolankhani za bomba la atomu, nduna yaikulu ya Britain, Clement Attlee, inakwera ndege msangamsanga kupita ku Washington kukamvetsa bwino. Choncho boma linatsimikiza kuti nkhondo ithere m'Korea momwemo, ndipo mpata ukapezeka akambirane ndi adani.

Kusiyana maganizo pakokha sunali mlandu. Mkulu wa asilikali ali ndi ufulu, ndiponso udindo, wouza boma lake mosabisa kuti likulakwa. Akhozanso kutula pansi udindo ngati mtima wake sukulola. Mlandu wa MacArthur unali wakuti anatenga mkangano wa m'nyumba napita nawo pabwalo. Anali atayamba kale mu August 1950, pamene analembera msonkhano wa asilikali akale uthenga wonena za Formosa mosemphana ndi mau a boma, ndipo Truman analamula kuti aubweze. Atagonja ku Yalu anayamba kuuza manyuzipepala kuti chamuvuta ndi malamulo ochokera kwao amene amumanga manja. Pa 6 December panatuluka lamulo lakuti akuluakulu onse, a usilikali ndi a boma omwe, asalankhule poyera za maiko akunja kapena za kayendetsedwe ka nkhondo asanaonetse mau awo ku Washington. Dzina la munthu silinatchulidwe, koma aliyense anamudziwa mwini nkhani.

Nthawi yomweyo ku Korea zinthu zinayamba kusintha. General Matthew Ridgway, amene anatenga gulu la pamtunda kumapeto kwa December mtsogoleri wake Walton Walker atafa pa ngozi ya galimoto, anaimitsa kuthawa kuja, nabweza adani pang'onopang'ono, ndipo pakati pa March 1951 mzinda wa Seoul unali m'manja mwa United Nations kachiwiri. Izi zinaonetsa kuti Korea ya kum'mwera ikhoza kutetezedwa popanda kukhudza China. Truman anaona kuti nthawi yakwana. Pa 20 March MacArthur anauzidwa mwamseri kuti Pulezidenti akukonza mau oitana adani ku zokambirana, ndipo mauwo anali akuonetsedwa kwa maiko abwenzi. Pa 24 March, osafunsa munthu, MacArthur anatulutsa mau akeake. Ananyoza mphamvu za China, naopseza kuti nkhondo ikhoza kufika m'dziko lawo lenilenilo, kenaka nati ali wokonzeka kukomana ndi mkulu wa asilikali a adaniwo. Kumeneku sikunali kuitana munthu kuti mukambirane ai. Kunali kumuuza kuti agwade. Maiko abwenzi anayamba kufunsa ngati America yasintha maganizo, ndipo mau a Truman aja anangobwezedwa m'kabati.

Taganizani, anzanga. Ankhoswe akonza mau oyanjanitsa mabanja awiri, ndipo m'mawa mwake mnyamata amene anatumidwa kukalonda kumunda ayamba ndi iye kufika kwa anzawo aja, nawatukwana m'dzina la banja lonse. Ngakhale mnyamatayo atakhala wamphamvu koposa onse pamudzi, ngakhale atakhala kuti ndiye anapirikitsa mbava chaka chatha, ankhoswe aja adzamvedwanso ndi yani?

Chotsiriza chinali kalata. Joseph Martin, mtsogoleri wa chipani chotsutsa cha Republican m'House of Representatives, anali atalembera MacArthur kufunsa maganizo ake pa za asilikali a Chiang. MacArthur anayankha kuti akugwirizana naye, naonjeza kuti nkhondo yeniyeni yolimbana ndi chikomyunizimu ili ku Asia, ndi kuti palibe chimene chingalowe m'malo mwa kupambana. Sanalembe kuti kalatayo ndi yachinsinsi. Pa 5 April Martin anaiwerenga m'Nyumba ya Malamulo. Tsopano mkulu wa asilikali, ali pa ntchito ndithu, anali atapatsa chipani chotsutsa ndodo yokwapulira boma lake.

Truman anali munthu wa mtima wapachala, koma pa nkhani iyi anadekha. Anaitana anthu anayi: Marshall, nduna ya chitetezo; Dean Acheson, nduna ya za maiko akunja; Averell Harriman, mlangizi wake; ndi General Omar Bradley, wapampando wa akuluakulu a magulu onse a nkhondo. Sanawauze zimene zinali m'mtima mwake, anangomvetsera masiku angapo. Lamulungu pa 8 April akuluakulu a magulu a nkhondo aja anakhala pansi paokha, ndipo onse anavomerezana kuti MacArthur achoke. Chimodzi mwa zifukwa zawo chinali chakuti asilikali ayenera kukhala pansi pa ulamuliro wa anthu wamba nthawi zonse. Taonani kuti amene ananena izi anali asilikali okhaokha.

Kachotsedwe kake ndiko kanayenda molakwika. Anakonza kuti nduna ina, Frank Pace, amene anali ku Korea, akapereke kalatayo pamanja mwaulemu, koma uthenga sunamufike pa nthawi yake. Mphekesera zinamveka kuti nyuzipepala ina ya ku Chicago yanunkhiza nkhaniyo, ndipo poopa kuti MacArthur angatule pansi udindo yekha asanachotsedwe, anaitana atolankhani 1 koloko ya usiku pa 11 April. Ku Tokyo kunali masana. Wothandizira wake wina anamva pa wailesi, nauza mkazi wa MacArthur, ndipo mayiyo ndiye anakanong'oneza mwamuna wake ali pa chakudya ndi alendo. Munthu wa zaka 71, amene anatumikira dziko lake pafupifupi zaka 50, sanayenere kumva motero, ndipo apa Truman ndimupeza wolakwa. Koma MacArthur naye timuyamike pa chinthu chimodzi: anamvera. Anali ndi asilikali ambirimbiri pansi pake, zombo ndi ndege zomwe, koma sanayese kukana. Anasiyira Ridgway udindo nakwera ndege. M'maiko ena nkhani yotere imathera pa wailesi ya boma, anthu akudzuka m'mamawa ndi nyimbo za usilikali.

Atafika kwao analandiridwa ngati mpulumutsi. Pa 19 April analankhula ku Congress, anthu mamiliyoni akumvera pa wailesi ndi kuonera pa wailesi ya kanema, ndipo aphungu ena anakhetsa misozi. Mawa lake misewu ya New York inadzaza ndi khamu lomuchingamira. Makalata ndi matelegalamu otukwana anasefukira ku White House, m'malo ena anatentha zifanizo za Truman, ndipo aphungu ena analankhula zomuchotsa pa mpando. Mutu ukakula sulewa nkhonya, Truman anangopirira.

Tsopano tafika pa gawo limene ine ndiliyesa lofunika koposa, ngakhale ofotokoza nkhaniyi amakonda kulidumpha. Senate ili ndi makomiti, ndipo awiri mwa iwo ndiwo maso a Nyumbayo pa nkhani zathuzi: komiti yoona za magulu a nkhondo, ndi komiti yoona za ubale ndi maiko akunja. Popeza mlanduwu unakhudza mbali zonse ziwiri, makomitiwo anakhala pamodzi, wapampando wake ali Senator Richard Russell wa ku Georgia. Anayamba pa 3 May 1951, namva mboni kufikira kumapeto kwa June. Poyamba panali mkangano. A Republican anafuna kuti zonse zichitikire poyera, a Democrat nati zinsinsi za nkhondo zingamveke kwa adani. Chimene chinachitika n'chakuti zitseko zinatsekedwa, koma mau onse ankalembedwa, ndipo tsiku lililonse, atafufutamo mizere yachinsinsi, ankawapereka kwa atolankhani.

MacArthur anakhala pa mpando wa mboni masiku atatu. Iye anali atauza Congress kuti akuluakulu a magulu a nkhondo ankagwirizana ndi maganizo ake, kotero anthu anakhulupirira kuti omutsekereza anali andale okha. Koma m'komiti munthu salankhula yekha monga pa nsanja. Amafunsidwa, ndipo akayankha amafunsidwanso. Senator Brien McMahon anamufunsa kuti ngati Russia italowa m'nkhondo, dziko la America lenilenilo adzaliteteza bwanji. MacArthur anayankha kuti umenewo sunali udindo wake, pakuti iye anali woyang'anira chigawo chimodzi chokha. McMahon anati nkhani yagona pomwepo: Pulezidenti ndi alangizi ake alibe mwayi woyang'ana chigawo chimodzi, ayenera kuona dziko lonse lapansi. Yankho la MacArthur linali loona, ndipo n'chifukwa chake linamupweteka. Anali atavomera ndi pakamwa pake kuti akupempha nkhondo imene zotsatira zake zikanagwera ena kuzisenza.

Pambuyo pake anabwera Marshall, kenaka Bradley, kenaka akuluakulu a magulu a pamtunda, a ndege ndi a panyanja, mmodzimmodzi. Onse anakana kuti ankagwirizana ndi njira ya MacArthur. Pa 15 May Bradley ananena mau amene akumbukiridwa mpaka lero, akuti kukulitsa nkhondo kufika ku China kukanalowetsa America m'nkhondo yolakwika, pa malo olakwika, pa nthawi yolakwika, ndiponso ndi mdani wolakwika. Acheson nayenso anafunsidwa koposa sabata yathunthu, ambiri mwa omufunsawo ali anthu osamukonda mpang'ono pomwe.

Koma zimene zinatembenuza mitima ya aphungu zinali m'mizere yofufutidwa ija. M'menemo akuluakulu a nkhondo anaulula kuti mphamvu za America zinali zochepa kuposa mmene anthu ankaganizira, ndi kuti ndege zambiri zomenyera nkhondo zinali kale ku Korea. Anafotokozanso kuti si America yokha imene inamangidwa manja. Adani nawonso ankadziletsa: sanaponye mabomba pa doko la Pusan, pamene pankatsikira katundu wa nkhondo, kapena pa mabwalo a ndege a ku Japan. Ndiye kuti malire aja amene MacArthur ankadana nawo ankateteza asilikali ake omwe, ndipo akanawathyola, adani akanathyolanso awo. Mau amenewa anakhala otsekeredwa kufikira zaka za m'ma 1970. Aphungu amene anawamva, ndi a chipani chotsutsa omwe, anayamba kuzilala pa za MacArthur, anthu a panja osadziwa chimene chawazilalitsa.

Makomitiwo sanatulutse chigamulo. Aphungu 8 a Republican analemba paokha maganizo odzudzula boma. Wina akhoza kunena kuti tsono masabata onsewo anapita pachabe. Ine sinditero ai. Nkhondo ili mkati, nduna ndi akuluakulu a asilikali anakhala pa mpando wa mboni, atalumbira, akuyankha mafunso a anthu osankhidwa, ndipo dziko limene mu April linkangofuula linafika mu June litamva mbali zonse ziwiri.

MacArthur sanasinthe maganizo. Mu July 1951, polankhula ku Nyumba ya Malamulo ya Massachusetts ku Boston, anadzudzula chiphunzitso chakuti msilikali ayenera kukhulupirika choyamba kwa anthu amene agwira boma kwa kanthawi, m'malo mokhulupirika ku dziko ndi ku malamulo ake aakulu amene analumbira kuteteza. Mau awa si opusa, ndipo tisawataye msanga. N'zoona kuti akuluakulu a asilikali a ku America amalumbira kuteteza malamulo aakulu, osati munthu. N'zoonanso kuti alipo malamulo oipa amene msilikali ayenera kuwakana, monga kupha akaidi kapena anthu osalakwa, ndipo milandu ya ku Nuremberg ya 1945 ndi 1946 inatsimikiza kuti kunena kuti ndinangotumidwa sikupulumutsa munthu. Koma Truman sanamutume MacArthur choipa. Anamuuza kuti asakulitse nkhondo ndi kuti asunge pakamwa. Ndipo malamulo aakulu omwewo amene MacArthur ankawatchula ndiwo anaika Pulezidenti pamwamba pake. Komanso mau aja akuti kwa kanthawi, amene iye anawanena monyoza, kwa ine ndiwo mtima wa nkhani. Pulezidenti ali wa kanthawi chifukwa anthu akhoza kumuchotsa. Mkulu wa asilikali sanavoteredwe ndi munthu, ndipo akasokera anthu alibe njira yomubwezera koma kudzera mwa Pulezidenti yemweyo.

Ndipo anthu anamulangadi Truman. Mu February 1952 kafukufuku wa Gallup anapeza kuti anthu 22 okha pa 100 alionse ndiwo ankakondwera ndi ntchito yake, ndipo mu March analengeza kuti saimanso pa chisankho. Mu November chipani chake chinagonja kwa Dwight Eisenhower, msilikali wina wotchuka, amene anayamba wavula yunifomu asanapemphe mavoti. MacArthur analankhula pa msonkhano waukulu wa a Republican ku Chicago chaka chomwecho, koma sanasankhidwe.

Ndinati tidzabwerera ku June 1950. Truman anakhoza pa mlandu wake ndi MacArthur, koma nayenso anali ndi chizolowezi choiwala kuti pamwamba pake pali ena. Mu April 1952, poopa kuti sitiraka ya ogwira ntchito m'mafakitale a zitsulo iimitsa zida za ku Korea, analanda mafakitalewo kuwaika m'manja mwa boma, nati ali ndi mphamvu yotero. Pa 2 June Khoti Lalikulu, oweruza 6 kutsutsana ndi atatu, linagamula kuti mphamvu imeneyo alibe popanda lamulo la Congress, ndipo iye anabweza mafakitalewo. Koma pa nkhani yoyamba nkhondo panalibe womuimitsa. Congress sinafunsidwe, ndipo nayonso sinaumirire kuti ifunsidwe. Zinthu zitaipa aphungu ena anayamba kuitcha nkhondo ya Truman, ngati kuti iwo kunalibe pamene ankavomereza ndalama zake. Nthawi yomaliza imene Congress inalengeza nkhondo inali mu 1942, ndipo njira imene Truman analambula anadzadutsamo ena. Atapsa ndi nkhondo ya ku Vietnam, aphungu anapanga lamulo mu 1973, Pulezidenti Richard Nixon akulikana, lakuti Pulezidenti akatumiza asilikali kunkhondo adziwitse Congress pasanathe maola 48, ndipo awabweze pakatha masiku 60 ngati Nyumbayo sinavomere. Atsogoleri a zipani zonse ziwiri akhala akulimasulira lamuloli mowakomera.

Nanga ku Korea? Zokambirana zinayamba pa 10 July 1951 ku Kaesong, kenaka zinasamukira ku Panmunjom, ndipo zinatenga zaka ziwiri, makamaka chifukwa cha mkangano wa akaidi a nkhondo amene sankafuna kubwerera kwao. Nthawi yonseyo anthu anali akufa polimbirana mapiri amene lero alandidwa mawa abwezedwa, ndipo amene amaima ndi MacArthur amaloza zaka ziwiri zimenezi nafunsa ngati njira ya Truman inali yachifundo monga amanenera. Asilikali a America oposa 36,000 anafera ku Korea, ndipo anthu a ku Korea ndi a ku China amene anafa, asilikali ndi anthu wamba omwe, amawerengedwa m'mamiliyoni. Mfuti zinaleka kulira pa 27 July 1953, malire atsopano ali pafupi ndi pamene asilikali anali ataima pakati pa 1951. Chimene anasaina tsiku limenelo chinali chongoimitsa kuomberana. Pangano lenileni la mtendere pakati pa Korea ziwirizo silinasainidwe mpaka lero.